Telala wa pa Kanema

3 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ndi achemwali. Ine kuno ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona, si moni wa m'kalata chabe.

Ndalemba chifukwa ndikakuimbira umayankha uli ndi mapini kukamwa, pomwe nkhani iyi ndi yofuna kukhala pansi. Ntchito ija ndaipeza. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuima kumbuyo kwa anzanga m'masewero a pa kanema: lero mlonda, mawa wolira maliro, mkuja mtembo weniweniwo. Tsopano andipatsa munthu wangawanga, wokhala ndi dzina, wolankhula m'gawo lililonse la sewero latsopano la Lamulungu masana. Pa mayeso tinalipo anthu makumi atatu. Anzanga onse anachita zimene anawalembera papepala, ine ndinaika pepalalo pansi n'kuchita za m'mutu mwanga. Bwana wa sewero anaseka mpaka kuvula magalasi.

Za munthu ndikumusewerayo sindikuuza, udzaona wekha. Koma ndikufuna dzanja lako. Zovala zimene ali nazo kuno n'zochititsa manyazi, wosoka wawo sasiyanitsa kolala ndi thumba. Undisokere malaya ngati ako achikasu aja, a timaluwa ting'onoting'ono, a kolala yozungulira, othina m'chiuno. Akhale chimodzimodzi, usasinthe kanthu. Miyeso yanga ukuidziwa, ungowonjezera pang'ono pamimba, tauni yandikonda. Ngati uli ndi tepi yoyezera yakale imene unaisiya, uiponyemonso.

Zifike mwezi uno usanathe, tiyamba kujambula pa 1 Malichi. Uwauze amayi kuti mwana wawo wasiya kukhala mtembo.

Mkulu wako.

19 Febuluwale

Achimwene,

Landirani moni wochokera kwa tonse. Tili bwino, kupatula bondo la amayi lomwe likulimbanabe ndi masitepe a pakhomo.

Malaya anu ndi awa. Ndawasoka masiku atatu, ndinaimitsa madiresi a kwaya yonse, amayi a kwayawo akundinyinyirika mpaka lero. Nsalu yofanana ndendende inasowa m'masitolo, moti ndinadula imene ndinadzisungira ndekha. Mabatani ndasokerera pamanja. Musachape ndi madzi otentha, ndipo musapatse munthu wina kusita. Tepi ndaikamo, ndi ija ndinayambira ntchito.

Sindinkadziwa kuti malaya amenewa mumawaona. Zaka zonsezi munkati ndikavala ndimaoneka ngati katani ya m'basi, lero mukufuna kuwavala pamaso pa dziko lonse. Ndisakunamizeni, ndinasangalala ngati mwana. Mumsewu muno nkhani yafala kale, ndipo wofalitsa ndine. Wometa wa khomo loyandikana ndi shopu yanga wati tsiku loyamba adzatulutsa kanema wake pakhonde n'kuyala mabenchi.

Mnzanga wa magetsi akupereka moni. Akubwerabe Lachitatu lililonse ndi makwerero ake kudzakonza babu lija losafa. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi, ndipo mumsewu amangondimvera chisoni kuti shopu ya telala ili ndi mawaya oipa. Amakwera, amagwira babulo, amatsika. Ndimamuwiritsira tiyi, amakhala pa mpando wa makasitomala n'kumandiuza za mayi ake ndi za ntchito, ola limodzi basi, kenako amanyamula makwerero. Kwa ena n'zochepa, koma ine sabata yonse ndimadikira ola limenelo. Pa dziko lonse lapansi nkhani imeneyi mukuidziwa ndinu nokha, n'chifukwa chake ndimatha kukulemberani ndikuseka.

Mukasewere bwino, tikuonerani.

Mng'ono wanu.

12 Meyi

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino, achemwali ali bwino. Za ine muwerenge nokha.

Ndadikira magawo atatu ndisanalembe, poganiza kuti mwina mtima utsika. Sunatsike.

Tsiku loyamba lija wometa anatulutsadi kanema pakhonde. Anthu anadzaza mpaka mumsewu. Amayi tinawakhazika kutsogolo pa mpando wanga wosokera, ine ndinavala dala malaya anga achikasu kuti anthu aone kuti onse awiri anachokera m'dzanja limodzi. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mbuziyo ndinali ine, ndipo chingwe ndinapota ndekha.

Munalowa. Malaya achikasu, tepi yanga m'khosi, dzanja lili lende ngati lathyoka, chiuno chikupita uku ndi uku. Dzina lanu Zipi, ntchito yanu utelala. Kunabwera kasitomala wamwamuna, inu n'kuyamba kumuzungulira mukunyambita milomo, kenako n'kunena ndi mawu opyapyala kuti, "Tulutsani mimba, bambo, tepi sinama."

Amenewo ndi mawu anga, achimwene. Ndawanena kwa mwamuna aliyense wa mumsewu muno amene ndinamusokerapo thalauza, ndipo ankaseka nane limodzi. Tsiku limenelo anaseka, kenako mmodzimmodzi anatembenuka kundiyang'ana, n'kusekanso kachiwiri, kuseka kwa mtundu wina. Amayi sanatembenuke. Anayang'ana kanemayo mpaka sewero kutha, kenako anapempha achemwali kuti awaperekeze kunyumba.

Ine sindinyambita milomo ndikamayeza munthu. Ndimayang'ana manambala. Zaka khumi ndi ziwiri ndagwira m'chiuno mwa amuna a mumsewu muno popanda wodandaula, ndipo ndinkasamala kuposa dokotala chifukwa ndinkadziwa chimene chingandigwere. Sabata ino amuna awiri atuma akazi awo ndi mathalauza akale kuti ndiyezerepo. Wachitatu anabwera yekha, anaima pakhomo n'kumandiuza miyeso yake mokuwa, anzake akufa ndi phwete panja. Dzina langa latha, ndine Zipi tsopano.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti mwachita bwino. Mmene ndimalumira ulusi, mmene ndimapendekera mutu ndikamaganiza, zonse munazitola. Ndiye kuti zaka zonse zija munkandiyang'anitsitsa, ine n'kumati n'chikondi cha mkulu wanga.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Mnzanga wa magetsi akubwerabe, koma tsopano amayang'ana kawiri mumsewu asanalowe, ndipo tiyi amamwa ali chiimire. Kuchepa kwa makasitomala ndipirira, maina ndipirira, koma kumutaya iyeyu sindingathe. Musiyeni Zipi. Muuzeni bwana wanuyo amusamutse, amuphe, chilichonse, bola achoke pa kanema anthu asanayambe kuwerenga amene amalowa m'shopu muno.

Mng'ono wanu.

2 Juni

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndailandira ndipo yandipweteka, wandiyesa mfiti. Upereke moni kwa amayi. Foni yanga sakuyankha, uwauze kuti ndikudziwa kuti ikumalira.

Choyamba, Zipi si iwe. Ndinabwereka zinthu ziwiri zitatu, inde, koma wosewera aliyense amabwereka kwa anthu akwawo. Mnzanga amene amasewera chidakwa anatengera bambo ake, ndipo bambowo amadzitama nazo. Kunyambita milomo ndi chiuno chija si zanga, n'za bwana wa sewero. Iye ali ndi lamulo lake: munthu wa mtundu umenewu woonera amuzindikire pa masekondi atatu, asanatsegule n'komwe pakamwa. Ukachita mofatsa amakuwa kuti uwonjezere, wokhala kumbuyo sakuona. Ndikanakana, panja panali anthu makumi awiri ndi asanu ndi anayi akudikira, ndipo akanamusewera moipa kuposa ine.

Chachiwiri, sewero silipangidwa sabata ndi sabata monga mukuganizira kumeneko. Timajambula magawo khumi ndi awiri pakamodzi n'kuwapereka kwa odula zithunzi. Zonse zimene muone mpaka Julayi tinamaliza mu Malichi, ndipo madzi akatayika sawoleka. Za kumupha Zipi iwala, makalata a oonera akubwera ndi matumba, onse akufuna iyeyo.

Koma usayese kuti ndangopinda manja. Mwezi uno tikujambula magawo ena khumi ndi awiri, ndipo ndinalowa m'chipinda cha olemba, chinthu chimene wosewera sachita. Ndinawauza kuti ndatopa n'kusewera chidole. Pa kanema wathu anthu ngati Zipi amabwera kudzasekedwa, apo ayi kudzafa m'gawo lomaliza kuti ena atengerepo phunziro. Palibe anaonetsapo kuti nawonso amakonda, amadikira munthu, amamuwiritsira tiyi. Ndinawapatsa nkhani yoona, yokoma, moti mlembi wina wamkazi anagwetsa misozi. Udzaiona mu Ogasiti, ndipo udzandilembera kalata yosiyana ndi ijayi. Zonsezi ndikuchitira iweyo.

Masabata atatu akubwerawa ndizigona ku situdiyo, ndipo mafoni amatilanda pakhomo. Ukafuna kulemba, ulembere ku adiresi ya kumeneko.

Mkulu wako, amene sakudana nawe.

7 Juni

Achimwene,

Moni ndipereka tsiku lina. Nkhani yoona yake iti? Tiyi wake uti?

Ndaimba kakhumi, foni yanu ndi yozima. Ngati ndi nkhani imene ndikuiganizira, ndagwada pansi, musaijambule. Si yanu, ndipo si ya ine ndekha. Mumsewu muno wamagetsi ndi mmodzi, woyenda ndi makwerero ndi mmodzi. Amakhala ndi mayi ake, ndipo ntchito amaipeza kwa anthu omwewa amene amadzaza pakhonde la wometa. Simukufunika kumutchula dzina kuti mumumalize.

Ndisekeni ine mpaka chaka chithe, mukafuna ndikusokerani malaya ena. Iye yekha musiyeni. Mukalandira kalata ino imbani, ngakhale kungofulasha, ndidziwa kuti mwamva.

Mng'ono wanu.

18 Ogasiti

Mlongo wanga,

Ndine mlongo wako wamkulu. Ndikulemba ine chifukwa mng'ono wako wakana kugwira cholembera, ndipo amayi akuti alibe nawe mawu. Moyo tili nawo, ngati umafunsabe zimenezo.

Ine zamasewero sindizidziwa, ndimagulitsa mankhwala m'sitolo ya eni ake, koma ndikuuze chimene sewero lako lachita. Lamulungu la sabata yatha unaonetsa wamagetsi akulowa m'shopu ya Zipi ndi makwerero, Lachitatu, kudzakonza babu losafa. Ngakhale tsiku lokha unalephera kusintha, iwe? Zipi akumuwiritsira tiyi, akumuyang'ana, ndipo maso awo akangokumana, m'kanemamo mukubuka phwete la anthu osaoneka. Tinkaonera pakhonde la wometa. Kenako wometayo anati, "Ndiye mawaya oipa aja ndi amenewa?" Msewu wonse unagwa nako kuseka.

Za mng'ono wako tonse tinkadziwa kuyambira ali mwana, ine, amayi, ngakhale malemu bambo. Sitinkazikamba. Sindikunena kuti ndimazimvetsa, kapena kuti zimandikomera, koma kukhala chete kwathu n'kumene kunkamulola kutsegula shopu m'mawa uliwonse ngati munthu wina aliyense. Za wamagetsi ndiye sitinkadziwa n'komwe. Tadziwira pa kanema, limodzi ndi odutsa m'njira.

Lolemba wamagetsiyo anapita kukayala mawaya pa nyumba ina yatsopano, mwini nyumba anamubwezera pageti, akuti ali ndi ana aamuna. Lachiwiri anapeza wina atalemba ndi penti pa makwerero ake kuti "Mwamuna wa Zipi". Mayi ake anabwera kwathu, anaima pabwalo n'kutukwana amayi athu mawu oti sindingawalembe, amayi atakhala pansi ndi bondo lawo. Lachitatu mng'ono wako anawiritsa madzi n'kuika makapu awiri. Ndinadutsako poweruka, makapuwo anali pomwepo, iye akusoka mpendero umene anali atausoka kale. Ndinamufunsa ngati wadya, anandiyankha za ulusi.

Akuti anakulembera mu Juni kukuchonderera. Unailandira kalatayo? Ngati unailandira n'kujambulabe, usadzanditchenso achemwali. Ngati sunailandire, sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani, koma ndikwiyirabe iwe, chifukwa chinsinsi cha munthu sachipita nacho kuntchito.

Mlongo wako.

9 Seputembala

Mng'ono wanga,

Ndikudziwa kuti sukufuna kumva mawu anga, koma uwerenge mpaka pansi.

Kalata yako ya pa 7 Juni ndaiona dzana. Ku situdiyo anaiponya m'thumba la makalata a oonera, poti pa envelopu panali dzina langa ngati ena onsewo. Achemwali atandilembera ndinayamba kukhuthula matumba, ndipo ndinaipeza m'thumba lachinayi. Inafika kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tijambule gawo lija. Kuyambira dzana chakudya sichikulowa.

Koma ndikulumbira, sitinajambule zoseketsa. Tsiku limenelo ndinakana kugwedeza chiuno, ndinakana mawu opyapyala. Ndinangowiritsa tiyi n'kumuyang'ana munthuyo mmene ndinakuonera iwe ukumuyang'ana mnzakoyo. Mu situdiyo munali zii, wogwira kamera anapukuta m'maso. Phwete lija anathira pambuyo pake odula zithunzi. Ali nalo m'makina, amangodina batani. Bwana anati gawolo likapita lopanda kuseka anthu ayesa kuti kanema wathu akuvomereza zimenezi, ndipo otsatsa malonda athawa. Ine ndinalimva tsiku limodzi ndi inu.

Tsono pali nkhani ina, usaimve molakwa. Bungwe lina la kunja laona gawolo lopanda phwete, ndipo likufuna kundipatsa mphoto, akuti ndalimba mtima popereka mawu kwa anthu osamveka. Adzapereka mu Novembala. Ndawauza kuti nkhaniyo ndi ya m'bale wanga, ndipo akufuna ubwere udzaime nane kutsogolo. Bwera, ukhale konkuno, utsegule shopu konkuno, tauni ino siwerenga olowa pakhomo la munthu. Kampani ina ikufunanso kupanga gemu ya pafoni yoti Zipi azithamangitsa amuna ndi tepi, iwo akuthawa. Imeneyo ndakana, ngakhale andiuza kuti Zipi si wanga, ndi wa bwana, ndipo apanga ndithu.

Wamagetsi umuuze kuti ndapepesa. Chibale ndi fupa, sichiola. Undiyankhe.

Mkulu wako.

21 Okutobala

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino. Zonse mwalemba ndazikhulupirira: kalata inasochera, munasewera bwino, wogwira kamera analira. Vuto lake n'lakuti kukukhulupirirani sikundibwezera kanthu.

Ku mphoto yanu sindibwera. Munandiimika kale kutsogolo kawiri osandifunsa, kachitatu kano ndakana ndekha. Akunjawo muwauze kuti ine mawu ndinali nawo. Ndinawagwiritsa ntchito pouza mkulu wanga chinsinsi, ndiponso pomuchonderera, ndipo ndaona pomwe anandifikitsa.

Kupepesa kwanu sindinakufikitse, koma mwini wake, wamagetsiyo, ndamuona. Anabwera Loweruka lapitali masana, msewu utadzaza. Sanali yekha. Anali ndi mayi ake, amalume ake, ndi nsalu yakuda yabwino kwambiri yokulunga m'pepala. Akukwatira mwezi wamawa, mtsikana wa kwawo kwa mayi akewo, amene wamuona kawiri. Matelala alipo ena atatu m'dera lino, koma mayiwo anasankha ine dala. Anaima pakhomo, chitseko chili pululu, n'kunena mokweza kuti wometa ndi makasitomala ake amve: "Musokereni mwana wanga suti ya ukwati. Mumuyeze pompano tonse tikuona, kuti mabodza athe."

Ndinamuyeza. Miyeso yake ndimaidziwa pamtima, ndimadziwa kuti phewa lakumanja ndi lotsika pang'ono, koma ndinatenga tepi n'kuyamba ngati ndi mlendo, ndikutchula manambala mokweza n'kumalemba m'kope. Iye ankayang'ana khoma. Nditazunguliza tepi pachifuwa ndinamva mtima wake ukugunda pa zala zanga. M'chiuno wachepa ndi mainchesi awiri. Sanandilankhule mpaka pamapeto, pamene mayi ake anamugwedeza kuti athokoze. Anati, "Zikomo, atelala." Panja wina anaomba m'manja.

Sutiyo ndikuisoka. Idzakhala yabwino kuposa chilichonse ndinasokapo, chifukwa n'chinthu chomaliza chimene andilola kumuchitira, ndiponso mtsikanayo sanandilakwire.

Ndakulemberani zonsezi mwatsatanetsatane chifukwa ndimakudziwani. Pofika pa mzere uno mwaona kale pomwe kamera ingaime, ndipo mawu a mayiwo mwawayesera kale pakamwa. Musakane, nanunso ndakuyang'anitsitsani zaka zambiri. Itengeni, muichite chimene mukufuna, palibenso chotsala choti iwononge. Koma iyi ndi nkhani yomaliza imene mudzalandire kwa ine. Za amayi muzifunsa kwa achemwali.

Ukwati ndi pa 15 Novembala. Andiitana, ndipo ndipita. Ndikakhala pomwe anthu angandione ndikuomba m'manja, chifukwa iye akufunika zimenezo kuti ayambenso kupeza ntchito. Inu musabwere. Anthu adzafuna kujambulitsa nanu, ndipo tsikulo ndi lake.

Telala.